Maina a Kuseri kwa Chithunzi cha Bambo Anga

Awa ndi mau amene adayankhula membala mnzathu, mlimi wa kuno ku Domwe, pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi. Tawalemba monga momwe adayankhulira.

 

A pampando adandiuza kuti lero ndiyankhule za mbewu ya mbatatesi ndi mtengo wa feteleza, poti ndi zimene ndimadziwako. Ndawapempha kuti za fetelezazo tikambe mwezi wa mawa. Mtengo wake suthawa ayi, tidzaupeza uli pomwepo kapena utakwera. Lero ndabwera ndi chithunzi ichi. Chiyende m'manja kuti aliyense achione, koma chonde gwirani m'mbali, musachipinde, chifukwa mwini wake wandibwereka ndi malangizo ambiri.

Ine ndine mlimi, sukulu ndidalekezera setima. Ena mumadziwa kuti ndine mwana wa aphunzitsi, ndiye mumadabwa kuti zidayenda bwanji. Mlandu si wa bambo anga ayi. Ndine ndekha ndidaona anzanga akugula njinga ndi ndalama za fodya, mutu nkuzungulira. Choncho nkhani yanga ikamapita uku ndi uku mundikhululukire.

Chithunzicho chidajambulidwa mu 1978 ku Nyungwe, tsiku limene bambo anga ndi anzawo adamaliza kosi ya uphunzitsi. Mukawerenga mupeza anthu 28, anyamata 22 ndi atsikana 6. Bambo ndi awo achitatu kuchokera kumanzere, mzere wa kumbuyo, oonda ngati bango, atsitsi lambiriwo. Tsitsilo lero musalifunse. Mukatembenuza muona maina onse olembedwa ndi pensulo, ndipo pa maina ena pali timitanda. Nkhani yanga ili pa timitanda timeneto. Maina sinditchula, chifukwa eni ake sindidawapemphe kuti ndiwatchule pagulu.

Achinyamata mwina mukudabwa kuti ana aang'ono chonchi adali aphunzitsi bwanji. Dziko lathu lidalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Patangotha mwezi, pa 24 Julayi, boma lidatenga sukulu zonse kukhala m'manja mwake, za mishoni zomwe. Aphunzitsi ambiri Achipwitikizi adali atabwerera kwawo, pomwe ana ofuna sukulu adachuluka ngati ngumbi. Ndiye boma linkatenga amene amaliza kalasi ya 6, kuwaphunzitsa chaka chimodzi, basi kuwapatsa choko. Kosiyo m'Chipwitikizi ankaitchula kuti "sexta mais um", kutanthauza kalasi ya 6 kuonjezapo chaka chimodzi. Bambo sukulu adayambira ku mishoni ya Lifidzi, ndipo ku kosiko adapita ali ndi zaka 22.

Amati chidawasautsa kwambiri si mabuku, koma kutentha. Ana a kumapiri kuno, ozolowera kuotha moto mu Juni, adakapezeka m'chigwa cha Zambezi. Usiku ankanyowetsa nsalu nkudzifunda, kugona panja pa simenti. Ndiwo zinali nsomba youma yamchere ija ya chikowa, lero chikowa, mawa chikowa. M'kalasi chinali Chipwitikizi chokhachokha, Chichewa ankachita kunong'onezana usiku ngati akuba. Masana ena ankalima munda wa sukulu. Ndipo onse ankaitanana kuti "kolega". Mpaka lero bambo akati "kolega wanga", mau awo amasintha, samveka ngati mmene amatchulira mnzawo wa ku tchalitchi kapena wa ku bawo.

Atamaliza adawamwaza, wina ku Macanga, wina ku Mutarara, wina ku Zumbo. Poyamba ankalemberana makalata. Kenaka nkhondo idafika, ndipo akuluakulu muli pano mukudziwa kuti mphunzitsi nthawi imeneyo adali munthu wosakidwa, chifukwa m'mudzi ankaoneka ngati ndiye boma. Sukulu zambiri zidatenthedwa. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa konkuno ku Angonia, ndi Bambo Sílvio Moreira, adatengedwa usiku ku Chapotera nkuphedwa. Bambo anga amati atamva zimenezo adadzifunsa kuti, ngati akupha ansembe, nanga ine wa choko ndine yani? Mu 1986 adathawira ku Malawi, mbali ya Dedza.

Asananyamuke adasonkhanitsa mapepala awo onse, satifiketi yomwe, nkutentha okha ndi manja awo, kuopa kuti akawapeza nawo panjira awazindikira. Chithunzichi adapereka kwa amayi kuti nachonso aponye pamoto. Amayi adangoti eya, koma adachikulunga m'kansalu nkuchiika pansi pa dengu la ufa. Bambo adachionanso atafika kale ku Dedza, ndipo akuti adakalipa tsiku lonse. Lero mukawafunsa amati adachisunga ndi iwo. Amayi amangoseka.

Ine ndidabadwira komweko mu 1990. Othawa nkhondo ochokera kuno ku Mozambiki adapitirira miliyoni imodzi m'Malawi monse. Bambo ankaphunzitsa ana a othawa anzawo pansi pa mtengo. Mtendere udasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ife nkubwerera mu 1993, kupeza mitengo itamera m'kati mwa nyumba. Bambo adayambiranso ntchito, ndipo adalowa refoma mu 2016. Mapepala adatentha aja adawavutitsa zedi powerengetsa zaka zawo za ntchito, adayendera zaka zitatu, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Chipumireni, bambo saphonya mauthenga a maliro pa wailesi. Kaya nsima ili pa mphasa, kaya kwabwera alendo, nthawi imeneyo aliyense akhale chete. Akamva dzina la kolega wawo, amatuma mdzukulu kuti akatenge chithunzi m'bokosi, nkulemba kamtanda pafupi ndi dzinalo. Mitanda ina adalemba kale pa nthawi ya nkhondo, ina ndi ya zaka zino. Tsiku loterolo sadya bwino, sayankhula ndi munthu. Pofika mu 2024 mitanda idakwana 13.

Tsiku lina mu Juni chaka chimenecho, kukuzizira, tikuotha moto, adandiitana nati, "Mwanawe, dzina langa ndi ili apa. Ndikadzapita udzalembe wekha kamtanda, usadzaiwale." Ine zidandiwawa. Ndidati, "Bambo, nanga bwanji anzanuwa mumangowamva akamwalira? Wailesi yomweyi ili ndi pulogalamu ya moni. Bwanji osawafunafuna akali moyo?" Iwo adati, "Moni wa pa wailesi ndi wa anyamata ofuna atsikana. Ine ndikachite manyazi ndi imvi zangazi?" Mukuseka, komatu ambiri a ife timaganiza choncho.

Ndidalemba kalatayo mwakabisira. Ndidangoti mphunzitsi wopuma wa ku Domwe akupereka moni kwa onse amene adachita naye kosi ya uphunzitsi ku Nyungwe mu 1978, amene ali moyo kapena abale awo aimbe pa nambala yakuti. Ndidaika nambala yanga. Adaiwerenga Lachisanu madzulo, bambo ali pomwepo. Adandiyang'ana osanena kanthu, nkulowa m'nyumba. Ndidati lero ndaputa mavu. Koma m'mawa mwake ndi iwo adayamba kundifunsa kuti, "Foni yako ili ndi moto?"

Woyamba kuimba adali mayi wa ku Moatize. Wailesi yathu sifika kumeneko, koma mdzukulu wake wa ku Ulongwe ndiye adamva nkumuuza. Pa chithunzipo ndi uyo wakhala pakati, wamfupi, wagwira buku. Ndisanamalize kupereka moni adati, "Mpatse foni mwini wakeyo, ndimufunse ngati adabweza sopo wanga." Sopo wa 1978! Adayankhulana mpaka ndalama zidatha mu foni. Mayiyu adaphunzitsa zaka 35, mwamuna wake adamwalira, akulera adzukulu anayi a mwana wake wamkazi amene nayenso adatisiya. Ali ndi matenda a shuga, tiyi amamwa wopanda kanthu. Koma mphamvu zake! Amagulitsa nkhuku, ndi msungichuma wa gulu la amayi losunga ndalama, ndipo ndi iye adatenga ntchito yofunafuna enawo. Ndidajambula chithunzichi ndi foni nkumutumizira pa WhatsApp, iye nkuchimwaza kwa ana a anzawo. Pakadapanda mayi ameneyu, bwenzi titapeza awiri kapena atatu basi.

Wina tidamupeza pa Lizulu, pamsika uja wa m'malire, pomwe mbali ina ya msewu ndi Malawi ina ndi Mozambiki. Iyeyu adathawa chaka chimodzi ndi bambo, adakwatira ku Ntcheu, ndipo anthu pobwerera iye adatsala chifukwa cha ana. Uphunzitsi udathera pomwepo. Kuno sadamalize zaka, ku Malawi sadalembedwe ntchito, ndiye penshoni alibe mbali zonse ziwiri. Amasoka zovala pakhonde la sitolo ndi makina opalasa ndi miyendo. Ndidapita kukamuona ndi matumba anga a mbatatesi. Ndidaganiza kuti ndikapeza munthu wodandaula, koma ayi. Adati makina samufunsa zaka, ndipo akamwalira adzagona pafupi ndi ana ake. Chimodzi chokha ndiye adandipempha, kuti ndikamupezere buku lililonse la Chipwitikizi, poti palibe woyankhula naye ndipo mau ayamba kumuthawa.

Wa ku Furancungo ndiye adatiseketsa, ngakhale si zoseketsa kwenikweni. Atapuma adatenga ngongole ku banki, nkulima fodya wambiri, nkukwatiranso mkazi wachiwiri wa msinkhu wa ana ake. Tsopano mwezi ukatha, banki imayamba yadula gawo lake, zotsalazo nyumba ziwiri zimalimbirana. Ali ndi mwana wa zaka zisanu, iye ali ndi zaka 70. Adauza bambo pa foni kuti, "Kolega, masamu ndinkakhoza ndine m'kalasi monse, koma awa andikanika."

Pali wina amene bambo sadafune kumva za iye. Ameneyu adakwera, adakhala bwana wa zamaphunziro, galimoto, nyumba yabwino ku Nyungwe. Bambo amati nthawi ina adapita ku ofesi yake ndi vuto la mapepala aja, adakhala pabenchi kuyambira m'mawa, ndipo mkuluyo potuluka adawadutsa ngati sawadziwa. Chakukhosi chimenecho adachisunga zaka zoposa khumi. Mayi wa ku Moatize ndiye adatiuza kuti munthuyo adafa ziwalo mbali imodzi, sayenda, ndipo mau satuluka. Ana ake ali ku Maputo, amatumiza ndalama, womusamala ndi wantchito. Mayiyo adapita kukamuonetsa chithunzi pa foni. Akuti adaloza nkhope imodziimodzi ndi dzanja lamoyolo, atafika pa bambo anga nkugogoda kawiri, misozi ikutsika. Nditawauza bambo adangoti, "Mwina tsiku lija sadandione." Kaya amanena zoona kaya amangodzitonthoza, ine sindidafunse.

Ena atatu ndingodutsa. Wina ndi katekisita ku Tsangano, amalima tirigu ndipo ali bwino ndithu. Mayi wina ali ku Beira kwa mwana wake namwino. Wachitatu adali pa Ulongwe pompa zaka zonsezi. Iye ndi bambo akhala akuima pa mzere umodzi ku banki mwezi ndi mwezi osazindikirana, wina dazi, wina wanenepa. Tidamvanso za atatu amene adamwalira kale ife osadziwa, bambo nkuonjezera mitanda itatu.

Tsopano ndifike pa amene wandiimiritsa pano.

Patapita masabata atatu, adaimba mtsikana wina, mau ake a mwana wa sukulu. Adati, "Kwathu kuno kuli agogo ena osaona. Adamva uthenga uja pa wailesi ya kwathu ali kuseri kwa mpanda, ndiye tsiku lililonse akumandiuza kuti ndiimbe. Akuti iwonso adali nawo." Atatchula dzina, ndidayang'ana kuseri kwa chithunzi, nkupeza pali mtanda. Ndidati mwina ndi anthu ofuna kutibera, poti masiku ano mafoni ali ndi zambiri. Bambo adati munthuyo adamwalira mu 2019, adamva okha pa wailesi. Koma adati ndifunse funso limodzi, lakuti ku kosi kuja ankagona pafupi ndi yani. Mawa lake mtsikana uja adaimbanso nati, "Akuti ankagona pafupi ndi Mngoni wina wa ku Domwe amene ankalira kutentha usiku ngati mwana." Bambo adaimirira nati, "Kapeze mota."

Tidapita kuseri kwa phiri la Domwe, njira ya ku Macanga, ulendo wa maola awiri ndi theka, bambo atandigwira m'chiuno. Tidamupeza m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi, denga mbali ina litagwa. Pa chithunzipo ndi uyo wamtali kuposa onse, wavala tayi yekha. Tidapeza munthu wopindika, atavala jekete long'ambika, maso onse awiri atayera ndi ng'ala. Bambo adaima pakhomo nati, "Odi, kolega." Iye adatembenuza mutu nati, "Bwerezanso." Bambo adabwereza. Adati, "Ndiwe. Mau ako sadakalambe." Adagwirana manja nthawi yaitali osanena kanthu. Ine ndidatuluka kukaona ngati mota ili bwino, ngakhale idalibe vuto.

Amene adalengezedwa mu 2019 adali munthu wina wa dzina lofanana, wa mfunda umodzi. Koma nkhani ya mkuluyu imvereni bwino, chifukwa ikutikhudza tonse. Adaphunzitsa mpaka kupuma, penshoni ankalandira. Ana ake awiri adamwalira, mkazi wake adatsatira mu 2018. Maso atayamba kuchita khungu, khadi la ku banki adapereka kwa mphwake kuti azikamutengera ndalama. Miyezi yoyamba mphwakeyo ankabwera ndi shuga, sopo ndi ndalama. Kenaka sopo yekha. Kenaka nkhani zokha, zakuti makina adameza khadi, zakuti boma silidalipire.

Ndiye pali chinthu china chimene aliyense wokhala ndi wopuma ntchito pakhomo ayenera kuchidziwa. Wolandira penshoni ya boma amayenera kukaonekera chaka ndi chaka kuti atsimikize kuti akali moyo. Ndi ija amati prova de vida. Amapita yekha mwini wake ndi bilyeti lake, khadi la ku banki silingamuimire. Akapanda kupita, ndalama zimaimitsidwa, poti a boma amaganiza kuti mwina munthuyo adamwalira ndipo ena akungodya. Lamulolo palokha si loipa. Koma munthu wosaona, wokhala kuseri kwa phiri, amafuna womugwira dzanja. Mphwake uja sadamutengere, ndalama zidaima mu 2021, ndipo iyenso adaleka kubwera.

Ndalama zitatha, ulemu udathanso. Chaka chotsatira kudamwalira mwana pa mudzipo, anthu nkuyamba kunong'ona kuti nkhalamba ija idatha ana ake ndi mkazi wake, tsopano yayamba a eni. Adamusamutsira kumapeto kwa mudzi. Ena mwa amene ankamuloza chala ndi anthu oti adawaphunzitsa yekha kugwira pensulo. Ankamupatsa chakudya ndi mayi wa mtsikana uja, mobisa, usiku. Ine ndikufunsa, bwanji ufitiwo sudaoneke pamene penshoni inkatuluka? Zaka zonse zija adali "aphunzitsi, aphunzitsi", ufiti nkudikira kuti khadi liume?

Ndisaloze ena okha. Inenso khadi la bambo anga ndimasunga ndine. Mu 2022 ndidatengako ndalama za matumba awiri a feteleza osawauza, ndikuti ndibweza ndikakolola. Ndidabweza, koma mochedwa, ndipo mwezi umenewo mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi adasowa. Pobwerera kuchokera kuseri kwa phiri kuja ndidawaululira tili pa mota. Adati, "Ndinkadziwa. Ndidaphunzitsa masamu zaka zingati ine?" Kuyambira pamenepo ndikatenga ndalama ndimabwera ndi kapepala ka makina, iwo nkuwerenga okha. Ana ambiri timaona khadi la kholo ngati cholowa, mwini wake akali kupuma.

Madzulo a tsiku lomwelo bambo adapempha chofufutira kwa mdzukulu wawo, nkufufuta mtanda uja. Mukayang'ana dzina lachisanu ndi chinayi muona pepala lidakalika pang'ono. Ndi pamenepo.

Zimene zidatsatira sindidachite ndekha. Mutu umodzi susenza denga. Mayi wa ku Moatize adaimbira akolega onse, aliyense nkutumiza zimene akadatha pa foni. Wa makina osokera uja, wopanda penshoni, ndiye adayamba kutumiza. Bambo adapita kwa amfumu a mudziwo pamodzi ndi mkulu wa mpingo, adakambirana tsiku lonse. Adawakumbutsa kuti dziko lathu lili ndi lamulo nambala 3 la 2014 loteteza okalamba, ndipo kunena nkhalamba kuti ndi mfiti ndi mlandu. Sindinganame kuti mitima ya anthu idasintha tsiku limenelo. Koma denga adafolera, ndipo chakudya chidayamba kupita masana.

Mu Seputembala tidamutengera ku chipatala cha Nkhoma ku Malawi, kumene kuli madokotala a maso. Ambiri kuno timati ng'ala ndi ukalamba basi, kapena kulodzedwa. Ayi, ng'ala amachotsa, ndipo opaleshoni yake sitenga nthawi. Adamuchita diso limodzi, m'mawa mwake atamasula bandeji adayamba kuwerenga zolembedwa pakhoma mokweza mpaka anamwino kuseka. Za penshoni tidayendera maulendo anayi, poti bilyeti lakenso lidali litatha ntchito. Ndalama zidayambanso kutuluka mu 2025. Za zaka zimene zidaima zija tikuyenderabe. Khadi tsopano amasunga yekha m'thumba la m'kati mwa jekete.

Pa 12 Okutobala 2024, tsiku la aphunzitsi, adakumana kwathu. Adalipo asanu ndi awiri pamodzi ndi bambo. Wa ku Beira adayankhula pa foni, wa ku Nyungwe sakadatha kuyenda. Tidapha mbuzi, amayi adaphika thobwa. Poti padali patangopita masiku atatu chivotereni, tidagwirizana kuti za ndale pasakhale, koma nsima isanafike adali atayamba kale, mayi wa ku Moatize nkuwaletsa ngati ana a kalasi yoyamba. Chodabwitsa nchakuti za nkhondo sadakambe kwambiri. Adakamba za chikowa, za mphunzitsi wawo wina amene ankagona m'kalasi, za mawondo, za mtengo wa mankhwala, ndi za adzukulu amene amafika kalasi ya 5 osadziwa kuwerenga. Pamenepo ndiye adakwiya onse pamodzi. Bambo adabweza sopo uja, mipiringidzo iwiri, wina akuti ndi chiongoladzanja.

Chithunzi chitafika kwa mkulu wa diso limodzi uja, adachiyang'ana nthawi yaitali, nkudziloza yekha ndi tayi yake. Kenaka adatembenuza. Adaona pokalika paja nati, "Kolega, apa udandipha iwe?" Bambo adati, "Idakupha ndi wailesi, ine ndidangolemba." Iye adati, "Ndiye yandidzutsanso yomweyo. Tathana."

A pampando, ndili ndi zopempha, ndipo ndikufuna a mlembi alembe. Tikapemphe ku wailesi kuti pa sabata patsalidwe mphindi khumi ndi zisanu za akuluakulu ofuna anzawo amene adataana nawo. Si aphunzitsi okha ayi. Alipo amene adaphunzira limodzi ku Lifidzi kapena ku Fonte Boa, alipo amene adali msasa umodzi ku Dedza ndi ku Ntcheu, alipo amene adakagwira ntchito limodzi ku Zimbabwe. Iwo paokha salemba, amachita manyazi monga bambo anga. Tilembe ndife. Membala aliyense pa msonkhano wa mwezi wa mawa abwere ndi dzina la nkhalamba imodzi ya m'mudzi mwake ndi anthu amene ikuwafuna. Ndipo pofunsapo mufunsenso mwaulemu kuti prova de vida adapita liti, bilyeti likugwirabe ntchito, ndipo khadi akusunga ndani. Amene alibe penshoni ndipo alibe womuthandiza, tikambe ndi amfumu kuti dzina lake likafike ku INAS. Tsiku lopita ku Ulongwe, ife a mota tizinyamulako mmodzi. Ine ndayamba, Lachiwiri loyamba la mwezi mpando wanga wa kumbuyo ndi wa nkhalamba, mafuta ndi anga.

Wina andifunsa panja kuti, nanga akapezana ndiye kuti chiyani, poti onse ali pafupi kupita? Ine ndingonena zimene ndaona pakhomo pathu. Mauthenga a maliro bambo amamverabe, sadasiye. Koma tsopano Lamulungu lililonse akachoka ku tchalitchi amakhala pansi pa mpichesi ndi foni yanga, kuimbira akolega mmodzimmodzi. Ndalama za mu foni zimandithera, osanama. Chaka chino adzala okha mizere isanu ya kabichi kudimba, akuti alendo ake akadzabweranso asadzadye za kugula.

Pa anthu 28 aja, amoyo amene tikuwadziwa ndi 9, mitanda ndi 15. Atsala anayi opanda mtanda, opandanso uthenga. Woyamba ndi mayi wa ku Zobwe amene ankaimba bwino, adatumizidwa ku Mutarara. Wachiwiri ndi mwamuna wa chipsera pa tsaya la kumanzere, kwawo kudali cha ku Calomue, ndipo womaliza kumuona adamuona ku Dedza mu 1988. Awiri enawo ndi pachibale, wamkulu ndi mng'ono wake, Anyungwe, ankasewera mpira onse. Maina awo athunthu ndawasiya kwa a mlembi. Amene mwamvapo kanthu, ngakhale mphekesera chabe, mukawaone tikamaliza.

Chithunzi chija chafika kwa yani? Chibwerere kuno chonde, ndisanakhale pansi.